Mzere wa Kumbuyo kwa a Eveles

Mukafika ku Mukhova, mudzi wa kuseri kwa Chiringa komwe phiri la Michesi limameza dzuwa nthawi isanakwane, simungavutike kupeza nyumba ya a Eveles Muhiwa. Funsani aliyense kuti, “Kwa mayi oyambitsa nyimbo aja n’kuti?” akulozerani ndi mlomo. Ndi mayi wamfupi, wouma thupi ngati nandolo wa mu Okutobala, koma mawu awo amamveka kutsidya kwa mtsinje popanda chinkuzamawu. Kwa zaka makumi atatu, palibe mwamuna wa dera lino amene wakwera pansanja ya ndale osakwezedwa ndi kukhosi kwa a Eveles. Iwowo anayesapo kamodzi kokha kukwera okha, ndipo nkhani yake ndi imeneyi.

Anabadwa mu 1970 panthaka ya amayi awo, yomwe inali ya agogo awo aja anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, dengu lili pamutu. Kuno kwa Alomwe timanyadira kuti mudzi ndi wa akazi: mwamuna ndi mkamwini, amabwera ndi khasu ndi bulangete, akalakwa amabwerera nazo. Mawuwo ndi okoma kumva, ndipo ndi oona mpaka nandolo atalowa m’thumba. Thumba lija likangosokedwa pakamwa n’kukwera pakaliyala wa njinga kupita ku Migowi, limasanduka la abambo. A Eveles anaziona kwa amayi awo, anadzazionanso kwa a Sitima, amuna awo, amene anawachotsa pasukulu ali Fomu 2 ndi mimba ya mwana woyamba. A Sitima si munthu woipa ayi. Sanawakwezerepo dzanja, ndipo mowa wawo si wandewu. Vuto lawo n’lakuti amaopa kusekedwa kuposa mmene amaopera njoka.

Voti yawo yoyamba a Eveles amaikumbuka kuposa tsiku la ukwati. Munali mu 1993, pa riferendamu, pamene anthu ankasankha pakati pa tambala wa chipani chimodzi ndi nyali ya zipani zambiri. M’njira a Sitima anawanong’oneza kuti, “Inu, tambala. Zinazi n’zofera.” A Eveles anati chabwino. Koma atalowa m’kachipinda kovotera, khanda lili kumsana, anazindikira chinthu chimene chinawaimitsa mtima: kuyambira tsiku lomwe anabadwa, aka kanali koyamba kukhala pamalo pomwe panalibe amalume, amuna awo kapena mkulu wa mpingo wowaona chimene akuchita. Munali zii. Anasankha nyali, natuluka nkhope ili gwa, ngati munthu amene sanabe kanthu. A Sitima sakudziwabe mpaka lero. Inki ya pachala ija a Eveles anaisamala ngati mphete, ankapukusa chimanga mopewa chala chimenecho.

Kuchokera pamenepo anakhulupirira voti monga ena amakhulupirira pemphero. Anadzipereka kuphunzitsa sukulu ya kwacha pansi pa mtengo wa mango, kuti amayi anzawo asiye kudinda ndi chala ngati akuba. Kumeneko ndi komwe anadziwana ndi a Katija, mayi wachisilamu wogulitsa usipa pamsika wa Chiringa, amene anaphunzira kulemba dzina lawo ali ndi zaka makumi anayi, n’kulilemba pa beseni, pa chitseko ndi pa chilichonse chimene sichinkathawa. Chipani chitafuna wapampando wa amayi m’deralo, sipanakhale mkangano. Ntchito yake inali yodziwika: kusesa bwalo, kuphikira alendo, kukhala pansi amuna ali pamipando, ndipo galimoto ikangoonekera patali, kuyambitsa nyimbo. Malipiro ake inali nsalu. M’sutikesi ya a Eveles muli nsalu khumi ndi zinayi, iliyonse ndi nkhope ya mwamuna. Iwo amati imeneyo ndi njira yokhayo imene mkazi wa ku Mukhova amakhalira pamwamba pa wandale, kumumanga m’chiuno n’kumukhalira pankhope.

Pakati pa Mukhova ndi dziko lonse pali kamtsinje ka Nakhombe. Chipatala chili kutsidya, chigayo kutsidya, sukulu kutsidya. M’chilimwe mwana amakalumpha, koma m’dzinja kamatsika kuphiri ndi miyala. Mlatho wa matabwa umene unalipo unapita ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Amuna sanavutike kwenikweni. Ali ndi njinga, ena njinga zamoto, amazungulira kumsewu, ulendo wa maola awiri wapansi koma wa kanthawi kochepa pa matayala. Amene amakwinya nsalu n’kulowa m’madzi, thumba la chimanga pamutu ndi mwana kumsana, ndi akazi.

Mu Febuluwale chaka chotsatira, Mervis, mwana wa mng’ono wawo wa a Eveles, yemwe anali woyembekezera, anayamba kumva kumsana m’mawa, mwezi wake usanakwane. Anamunyamula pamachila a nsungwi, koma anapeza Nakhombe atadzaza mpaka m’mabango. Msewu wozungulira nawo unali utaduka. Anadikira pagombe kuti madzi aphwe, denga la chipatala likuoneka mbee kutsidya. A Eveles anamugoneka mutu pamiyendo pawo kuyambira dzuwa lili pamutu, magazi akutuluka osaleka. Pofika chakumadzulo madzi anaphwa ndithu, koma panalibenso chothamangira.

Pamaliro khansala wa nthawiyo anabwera, analira mokweza kuposa achibale, nalonjeza mlatho wa simenti. Patatha mwezi anakhazikitsa chikho cha mpira wa anyamata, ndipo a Eveles anaitanidwa kukayambitsa nyimbo. Anaimba ndithu. Koma atafika kunyumba sanavule n’komwe nsalu ya chipani. Anakhala pakhonde pomwe a Sitima ankamata chubu cha njinga.

“Bambo, chaka cha mawa ndiimira ukhansala.”

A Sitima anaika chubu pansi. “Kumpira kuja anakupatsani chakumwa chanji?”

“Sindinamwe kanthu. Ndatopa kuimbira anthu odutsa kumsewu.”

“Mayi, ng’ombe yaikazi sikoka ngolo.”

“Nanga ngolo ya pakhomo pano akukoka ndani zaka zonsezi?”

A Sitima anangonena zimene zinali kumtima kwawo. “Ine pa bawo azindiitana kuti chiyani? Akazi a khansala?” Sanawaletse, komanso sanawalole. Anatola chubu chawo n’kupitiriza kufunafuna pobooka.

Poyamba zinthu zinaoneka ngati zikuyenda. Bungwe lina la kampeni ya fifite-fifite, yolimbikitsa amayi kulowa ndale, linawaitanira ku maphunziro a masiku atatu ku Migowi. Kumeneko atsikana ovala nsapato zazitali anawauza kuti akazi ndi ambiri kuposa amuna m’kaundula wa voti, anawaphunzitsa kuyang’ana anthu m’maso polankhula, nawapatsa tisheti ndi zithunzi zomata m’mitengo. Kenako anakwera galimoto yawo n’kubwerera ku Blantyre. Khansala wakale uja anali atatukula maso kufuna uphungu, choncho mpando unali wopanda mwini. Chotsala chinali chimodzi: kupambana chisankho chachipulula, chimene chipani chimasankhira munthu wokachiimira. Kuno amene wapambana chachipulula ndiye kuti wapambana zonse. Nthumwi zovota zinali 240, zochokera m’makomiti a m’midzi, ndipo 130 mwa izo zinali akazi. Ambiri mwa akaziwo a Eveles ndi amene anawagwira dzanja polemba chilembo choyamba.

Wopikisana naye anali a Lekani Mpulula, ogula nandolo ku Migowi. Lole yawo ndi yokhayo imene imavutikira kuzungulira mpaka ku Mukhova nthawi yokolola, ndipo mwamuna aliyense wa m’mudzimo amadziwa kuti ukayambana ndi a Lekani, nandolo wako adzadyedwa ndi anankafumbwe. Koma munga weniweni unali pena. A Lekani ndi akulu ake a Jonathan, mwamuna wa Atikonda, mwana wotsiriza wa a Eveles. Jonathan anakana chikamwini, anamutenga Atikonda chitengwa. Amakhala m’kanyumba ka kuseri kwa shedi ya a Lekani, Jonathan ndi amene amaima pasikelo ya nandolo, ndipo ali ndi kamwana kakakazi ka zaka ziwiri, Madalo. Atikonda anali m’komiti ya achinyamata ya kumeneko. Nayenso anali nthumwi.

A Eveles analibe lole. Anachita kampeni ndi mapazi, pamijigo, pachigayo, m’maliro, m’mizere ya kusikelo ya ana. Sankalonjeza zambiri, ankangoti mlatho. Amayi ankawagwira manja onse awiri. “Ife tili nanu, mayi. Wamva m’mimba ndiye atsekula chitseko.” Tsiku lina akupalira limodzi, nyimbo inabadwa yokha, ndipo m’milungu iwiri inali itafika m’midzi yonse ya wodiyo, dera lonse la khansala:

Wabwera, wabwera Eveles,
wasenza mlatho pamutu.
Lira Nakhombe, lira,
sudzadyanso mwana wathu.

Ndi a Katija okha amene ankapukusa mutu. “Anzanga, inu mumadziwa bwino kuposa ine. Chachipulula si cha m’kachipinda. N’chofola poyera, dzuwa likuswa mtengo.”

Ankanena zoona. M’chipanimo chachipulula savotera papepala. Opikisana amaimikidwa kutsogolo, ndipo nthumwi iliyonse imakaima kumbuyo kwa amene ikumufuna, kenako amawerenga mitu. A Eveles ankadziwa zimenezi, popeza iwo omwe ndi amene ankawongola mizere ya amayi zaka zonsezi. Koma anaziwerengera mozondoka. “Poyera pomwepo ndiye pabwino,” anayankha choncho. “Ndani mwa iwo angandidutse ine? Adzandichitira manyazi.” Anaiwala kanthu kamodzi kamene anakaona kambirimbiri osakaganizira: opikisana amawamanga nsalu kumaso.

Kutatsala masiku awiri, Atikonda anabwera kumudzi masana ndi kapaketi ka shuga, Madalo ali kumsana. Anakhala pamphasa nthawi yaitali akusewera ndi mphonje za nsalu yake.

“Amayi, Loweruka ine ndikaime pati?”

A Eveles anaseka. “Mwana amafunsa pomwe pali msana wa amake? Si pomwe unakulira?”

“Bambo a Madalo akuti ndikakaima kwa inu, ndichokere pomwepo kubwera kuno. Akuti katundu wanga adzatumiza pa lole, koma mwana atsala.”

“Mwana atsala? Kuyambira liti? Ndife Alomwe ife, mwana ndi wa kuchikazi. Akungokuopseza.”

“Kumene ndimagona ine si kuchikazi, amayi.”

A Eveles anamva mawuwo, koma sanafune kuti alowe. Anamutenga Madalo n’kumuvinitsa pamiyendo, akumuimbira ya mlatho ija. Atikonda anatsanzika dzuwa lisanapendeke, ndipo shuga uja anamusiya pamphasa.

Loweruka m’mawa a Sitima anadzuka ndi m’mimba. Anagona chopinda pamkeka, akubuula mokwanira kuti aliyense wodutsa amve kuti sangapite kulikonse. A Eveles anawasiyira phala, navala tisheti yawo, n’kuwoloka Nakhombe kupita kubwalo la sukulu.

Bwalo linali litadzaza. Nthumwi zinakhala pakati, koma m’mphepete monse, pansi pa mitengo ya bulugamu, munaima amuna amene sanali nthumwi: amuna a nthumwi, alongo awo, amalume awo, ndi anyamata onyamula matumba kushedi ya a Lekani. Sanabwere kudzachita ndewu. Anangopinda manja n’kumayang’ana. Amayi atawaona a Eveles anaimba nthungululu, koma inali nthungululu yaifupi, yothera m’kamwa.

Akuluakulu a chipani ochokera kuboma anawaimika awiriwo moyang’ana khoma la sukulu, a Lekani kumanzere, a Eveles kumanja, pakati pawo mapazi asanu okha. Mkulu woyendetsa mwambo anafotokoza mokoma kuti opikisana amangidwa kumaso n’cholinga choti munthu aliyense asankhe mwaufulu, popanda kuchita manyazi ndi wina. Anthu anawomba m’manja. Nsalu itawakulunga kumaso n’kumangidwa mfundo kunkhongo, m’pamene mantha anawagwira a Eveles. Maso okhawo amene amayi aja akanawachitira manyazi ndi amene anali atatsekedwa. Maso a pansi pa bulugamu anali otsegula onse.

Wezulo inalira.

Kunamveka mgugu wa mapazi. Fumbi linawalowa m’mphuno. A Eveles sankaona, koma zaka makumi atatu zotsogolera gule zinawapatsa makutu odziwa munthu ndi kayendedwe. Uyo wokoka patapata woduka ndi mayi wa pachigayo. Uyo wa chifuwa chouma ndi wa kwaya ya Lachinayi. Uyo wonunkhira utsi wa kachasu ndi wa kumapeto kwa mudzi. Onse ankabwera kumbuyo kwawo, pafupi penipeni, nsalu zawo zikuwakhudza m’zigongono. Mantha aja anasungunuka. Ndipo apa ndi pamene pamawawa kufotokoza: a Eveles anamwetulira. Anaima pamenepo, maso omangidwa, mano onse pamtunda, pamaso pa bwalo lonse. Sanadziwe kuti nthumwi zinakhala cha kumanja, ndipo njira yopita kwa a Lekani inkadutsa kumsana kwawo. Ena ankachita dala kuwakhudza podutsa, ngati mmene timakhudzira bokosi pamaliro. Anthu a ku Mukhova saiwala kumwetulira kumene kuja, ndipo palibe amene amakonda kukukamba.

Mapazi atatha, kunagwa bata. M’bata limenelo munamveka kamawu kakang’ono, kosangalala, kozindikira munthu wake.

“Agogo! Agogo!”

Kanachokera kumanzere. Kanabwerezanso kachitatu, koma kanathera pakati, monga zimakhalira chikhatho chikatseka pakamwa pa mwana.

Kumwetulira kuja kunatsika pang’onopang’ono. A Eveles anaimabe chilili, chifukwa lamulo linali loti asasunthe mpaka kuwerenga kuthe. Woyendetsa mwambo anayamba ndi mzere wa a Lekani, akugunda paphewa pa aliyense n’kutchula nambala mokweza. Anawerenga, nawerenga, mawu ake akunka natalikira kumapeto kwa bwalo mpaka anasasa. Anathera pa 229. Atabwera kumanja, sanachedwe n’komwe kupuma. Khumi ndi mmodzi.

Atawamasula nsalu, dzuwa linawathobwa m’maso. Anatembenuka. Woyamba kumbuyo kwawo anali a Katija, nsagwada zili gwa. Kumbuyo kwa a Katija kunali amayi khumi, ndipo a Eveles anawayang’ana mmodzimmodzi. Asanu ndi awiri anali amasiye, monganso a Katija. Atatu otsalawo amuna awo anapita ku Joni kalekale osatumiza ngakhale kalata. Mu mzere wonsewo munalibe mkazi ndi mmodzi yemwe amene madzulo ake ankayenera kukayalira mwamuna mphasa.

Mkulu wa chipani anakwera patebulo. “Palibe wagonja pano! Chipani n’chimodzi, banja n’limodzi. Amayi, tiyeni nyimbo!”

Kunali chete. Amayi opitirira zana anaweramitsa mitu, akukanda pansi ndi zala zakumapazi. Sikuti ankakana. Kungoti kwa zaka makumi atatu palibe mwa iwo anayambitsapo nyimbo, ankangodziwa kuvomera. Mkulu uja anabwereza, mawu atayamba kuuma. Pansi pa bulugamu manja aja anayamba kumasuka. Pamenepo a Lekani, munthu wodziwa ulemu, anayenda mapazi asanu aja, nagwada bondo limodzi pafumbi.

“Mayi, inu ndi apongozi athu. Zatha izi. Tidalitseni.”

A Eveles sanawayang’ane. Maso awo anali pa Atikonda, amene anaima pakati pa mzere wautali uja, Madalo ali m’manja, chikhatho chikadali pakamwa pa mwanayo. Pambali pake panali Jonathan, ndipo Jonathan sankayang’ana mkazi wake, ankayang’ana apongozi ake, kudikira. A Eveles anamvetsa kuti akangotembenuka n’kuchoka pabwalopo mwamwano, amene akalipire madzulo ano si iwo. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma apa zinali zodya wamkulu zoti zikapote mwana.

Anakonza kukhosi. M’miyezi itatu yonseyo m’kamwa mwa amayi a wodiyo munali nyimbo imodzi yokha, ndipo inali yokhayo imene akanavomera bwino. A Eveles anaiyambitsa ndi mawu awo onse aja omveka kutsidya:

Wabwera, wabwera Lekani,
wasenza mlatho pamutu.

Amayi anavomera ngati denga likugwa. Anavina mwamphamvu kuposa tsiku lina lililonse, ena misozi ikuyenderera m’masaya n’kusanduka matope ndi fumbi. Akuluakulu a kuboma anasangalala kwambiri, anati sanaonepo umodzi wotere. Asanakwere galimoto anawapatsa a Eveles nsalu yatsopano.

Kunyumba anapeza a Sitima atachira, akupala mpini. Nkhani inali itawapeza kale. Sananene kuti ndinakuuzani, ndipo pa chimenecho tiwayamikire. Anangoti, “Madzi osamba ndakuikirani pamoto,” chinthu chimene sanachitepo chikwatirane.

Masabata otsatira amayi anayamba kubwera, koma mmodzimmodzi, ngati opita kwa sing’anga. Wina ankawapeza pamjigo kukadali mbandakucha, wina ankawatsatira kumunda ngati wodzapempha mbewu. Mawu anali amodzimodzi. “Mayi, mutikhululukire. Abambo anali pompo. Kukanakhala kwa m’kachipinda, mukanaona.” A Eveles sankawakalipira. Akanawakalipira bwanji, poti iwonso mu 1993 anati chabwino panjira n’kukachita zawo pobisika? Kulimba mtima kwawo konse kunabadwira m’kachipinda. Iwo anapempha anzawo chinthu chimene iwo eni sanachitepo.

A Katija anabwera ndi moto. “Imani panokha, opanda chipani. Nkhope yanu ikakhale papepala, tikaonane m’kachipindamo.” Kwa masiku angapo a Eveles anaiganizira, mpaka anakafunsa za mafomu. Koma khoma lili ndi makutu. Ankhoswe a kwa Jonathan anatumiza mawu aulemu kwambiri, akuti amva mphekesera, ndipo akukhulupirira kuti ndi mphekesera chabe, chifukwa banja la ana likuyenda bwino ndipo sangakonde kuti lisokonezeke. A Eveles anamatula zithunzi zawo m’mitengo. Zina anayala pansi pa nkhuku yoikira, zina anapatsa a Katija kuti azikulungira usipa.

Tsiku la chisankho chachikulu, mu Seputembala, anadzuka tambala woyamba monga amachitira chisankho chilichonse. Anafika pasukulu paja zitseko zisanatsegulidwe, nakhala woyamba pamzere wa amayi. Chichokereni Loweruka lija anali ndi chizolowezi chatsopano, chosacheuka munthu akamabwera kumbuyo. Choncho anangoyang’ana chitseko, akumva mapazi akusonkhana. Patapata woduka uja. Chifuwa chouma chija. Ulendo uno mapaziwo sankadutsa, ankafika n’kuima.

Kenako kadzanja kanakoka nsalu yawo. “Agogo!”

Panalibe amene anakatseka pakamwa. A Eveles anatembenuka. Atikonda, amene analembetsa voti kumudzi kwawo, anaima kumbuyo kwawo penipeni, moti mpweya wake unkawafika pakhosi. Kumbuyo kwake kunali a Katija, ndipo kumbuyo kwa a Katija mzere unatsika masitepe, unadutsa pamjigo wa sukulu, unawoloka bwalo lonse mpaka kukakhota pa golo. Akazi okhaokha, mwakachetechete, aliyense chiphaso chake m’manja. Milomo ya a Eveles inayamba kuwerenga yokha. Atafika pa 200 analeka, chifukwa panalibe amene anawafunsa nambalayo.

Chitseko chinatsegulidwa. Anawapatsa mapepala, nalowa m’kachipinda. Munali zii, bata lomwe lija la zaka makumi atatu zapitazo, lopanda amalume, lopanda mwamuna. Anatambasula pepala la makhansala. Panali nkhope zinayi, zonse za mataye. Anayenda nacho chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, nabwereranso pamwamba. Anakhalitsa mpaka mtsikana woyang’anira chisankho anasuzumira.

“Agogo, ngati simutha kuwerenga tikhoza kukuthandizani.”

“Kuwerenga ndimatha, mwanangu. Ndimafuna munthu wina, koma sindikumuona.”

Anachonga penapake, napinda pepalalo, n’kuliponya m’bokosi. Potuluka, inki ili pachala, Atikonda anawagwira mkono pakhomo. Maso ake anali ofiira. Kuyambira Loweruka lija anali asanalankhulane.

“Amayi,” ananong’ona, “ndiye tichonge uti?”

A Eveles anamukonzera mwana wawo mpango umene unapendekeka, napukuta Madalo mamina ndi nsonga ya nsalu.

“Aliyense, mwanawe. Onsewo amadutsa kumsewu.”

Anatsika masitepe, nayenda m’mbali mwa mzere wonse uja osayang’ana munthu, kulunjika kwawo. Pa Nakhombe anavula mapatapata n’kukwinya nsalu mwachizolowezi, ngakhale madzi anali ongofika m’kakolo. Mvula inali itatsala miyezi iwiri.